Magemu osaka zinthu zobisika pa foni: momwe amaseweredwera ndi pomwe amakudyerani

Mwatsegula gemu. Pa sikirini pabwera chithunzi cha chipinda chomwe zinthu zangoti mbwee: mabuku pansi, mipando yogubuduzika, nsapato imodzi pawindo, botolo losweka pambali pa mtembo. M'munsi mwalembedwa mayina a zinthu zoti mupeze, mwina kiyi, magolovesi, mpeni ndi kandulo. Nthawi ikuwerengedwa. Mukachiona chinthucho mumachidina ndi chala, chimachoka pamndandanda, pamalo pake n'kubwera china. Gemu yake ndi imeneyi basi. Pa Google Play ndi App Store mtundu umenewu amautchula kuti hidden object, ndipo ambiri mwa magemuwa amakupatsani udindo wa wapolisi wofufuza milandu.

Kungomva chonchi zikuoneka ngati zachibwana. Koma amene munayesapo mukudziwa kuti "ndingosewera kamodzi" wa 9 koloko usiku amakathera 12 koloko batire itafiira. Magemuwa ndi okomadi, ndipo kuwaika mufoni ndi ulere. Chomwe ambiri sadziwa poyamba n'chakuti anawapanga mwadala kuti azikuimitsani pomwe nkhani yafika pokoma, kenako azikugulitsani njira yopitirira. Mukaidziwa njira imeneyi musanayambe, mutha kusewera miyezi yambiri osatulutsa ngakhale tambala.

ANACHOKERA KUTI?

Masewera osaka chinthu pachithunzi anayamba kale mafoni asanabwere. Ku America magazini ya ana ya Highlights inkakhala ndi tsamba la zithunzi zobisika kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Ku Britain, Martin Handford anatulutsa buku la Where's Wally? mu 1987, momwe umasaka kamunthu kovala juzi ya mizere yofiira ndi yoyera pakati pa chikhamu cha anthu. Mu 1992 kunabwera mabuku a I Spy a Jean Marzollo ndi Walter Wick.

Pa kompyuta, gemu yomwe inatchukitsa mtunduwu ndi Mystery Case Files: Huntsville, ya kampani ya Big Fish Games ya ku Seattle, yomwe inatuluka mu 2005. Iyi ndi yomwe inaonetsa kuti kusaka zinthu kumakoma kwambiri kukakhala ndi nkhani ya mlandu kumbuyo kwake. Nthawi imeneyo malonda ake anali osavuta kumva: umayesa gemu ulere kwa ola limodzi, ikakusangalatsa umalipira kamodzi, yonse n'kukhala yako.

Zinthu zinasintha magemuwa atalowa pa Facebook kenako pa mafoni. Kulipira kamodzi kuja kunachepa, m'malo mwake kunabwera gemu yaulere yokhala ndi sitolo mkati mwake.

MAYINA OMWE MUKUMANE NAWO

Criminal Case ndi ya kampani ya Pretty Simple ya ku Paris. Inayamba pa Facebook mu 2012, mu 2013 Facebook inaisankha kukhala gemu ya chaka, kenako inafika pa iPhone ndi Android. Mumayamba ngati wapolisi watsopano mumzinda wongopeka wa Grimsborough, mnzanu wa ntchito ndi David Jones, ndipo mlandu woyamba ndi wa imfa ya mtsikana wotchedwa Rosa Wolf. Zigawo zina zinabwera pambuyo, monga Pacific Bay, Mysteries of the Past ndi Travel in Time, chilichonse ndi app yakeyake.

June's Journey ndi ya Wooga ya ku Berlin, inatuluka mu 2017. Nkhani yake ikuchitika m'zaka za m'ma 1920. June Parker akufufuza amene anapha mchemwali wake Clare ndi mlamu wake, uku akusamalira mwana wa malemuwo, Virginia. Kupatula kusaka zinthu, mumakongoletsanso chilumba cha Orchid Island. Kampani ya Playtika inagula Wooga mu 2018, ndipo gemu imodzi yomweyi inadutsa madola 1 biliyoni pa ndalama zomwe yapanga chiyambireni. Sungani nambala imeneyi m'mutu, tibwereranso.

Palinso Murder in the Alps ya Nordcurrent ya ku Lithuania, momwe mtolankhani Anna Myers amakumana ndi imfa zotsatizana pa hotela ya kumapiri m'zaka za m'ma 1930. Seekers Notes ndi ya MyTona, pomwe Hidden City ndi Sherlock ndi za G5 Entertainment. Izi zimakonda nkhani za mizukwa ndi matemberero, komanso zimasakaniza timagemu tina tofananitsa timiyala titatu.

MLANDU UMAYENDA BWANJI?

Titenge Criminal Case, chifukwa ndi yomwe imatsatira kwambiri ntchito ya apolisi. Mlandu umayamba ndi malo omwe mtembo wapezeka. Mumasaka zinthu zomwe zalembedwa, ndipo pakati pake pamakhala zina zomwe ndi umboni: mtembowo, kalata yong'ambika, foni yosweka, nsalu ya magazi.

Umboni ukapezeka pamabwera timasewera ting'onoting'ono. Kalata yong'ambika mumailumikiza, pa kapu mumapakapo ufa kuti zidindo za zala zioneke, m'bini mumafukula mpaka mupeze chomwe chinatayidwa. Zina mumatumiza ku labu, ndipo mtembo umapita kwa dokotala wopima. Apa ndi pomwe kudikira kumayambira, chifukwa zotsatira zina zimatenga maola ambiri enieni, a pawotchi yanu.

Pang'onopang'ono mumadziwa maonekedwe ndi zizolowezi za wakupha: amamwa khofi, amasewera gitala, wavala tayi yabuluu, ali ndi chipsera. Oganiziridwa amakhala angapo, kawirikawiri asanu, ndipo aliyense amakhala ndi zina mwa zizindikirozi. Mmodzi yekha ndiye amakhala nazo zonse. Mukamuloza, amavomera mlandu, woweruza n'kugamula.

Ntchito zonsezi, kufunsa munthu mafunso kapena kuyeza umboni, zimalipiridwa ndi nyenyezi. Nyenyezi zimapezeka posewera malo omwewo mobwerezabwereza mpaka mapointi akwane. Malo amodzi amapereka nyenyezi mpaka zisanu, ndipo iliyonse yotsatira imafuna mapointi ambiri kuposa yapitayo.

Choti mudziwiretu: ubongo wanu sugwira ntchito yaikulu yofufuza. Gemu imakuuzani yokha zizindikiro n'kuzilemba pansi pa nkhope ya woganiziridwa aliyense. Ngati mukuyembekezera kuti mukhala pansi n'kumalumikiza mfundo ngati wa CID weniweni, mukhumudwa pang'ono. Ntchito yanu yeniyeni ndi ya maso ndi chala.

ZIMAKHALA BWANJI UKAMASEWERA?

Ulendo woyamba pamalo atsopano ndi womwe umakoma kwambiri. Maso amangoyendayenda, sudziwa poyambira. Umasaka lumo kwa masekondi makumi awiri, ukalipeza umadabwa kuti linali pakatikati penipeni pa tebulo nthawi yonseyi. Kamphindi kameneko, pomwe chinthu chomwe sichimaoneka chatulukira mwadzidzidzi, ndi komwe kamagwira anthu.

Ojambula ali ndi njira zawo zobisira. Chinthu chofiirira amachiika pa thabwa lofiirira. Ndodo kapena pensulo amaigoneka motsatira mzere wa chitseko. Kukula kwa zinthu amakusokoneza dala, njovu itha kukhala kachidole kakang'ono pa shelefu pomwe inu mukusaka chinyama chachikulu. Zina amaziika m'mbali mwenimweni mwa sikirini momwe maso safikamo msanga. Nthawi zina chinthucho chimakhala chithunzi chojambulidwa pakhoma kapena pa malaya a munthu.

Mukapeza zinthu motsatizana mwachangu mapointi amachulukitsidwa, ndi zomwe amati combo. Mukachedwa combo imagwa. Mukamangodina paliponse mwachisawawa gemu imakulangani, ina imachotsa mapointi, ina imaumitsa sikirini kwa kanthawi. Mukasowa chochita pali batani la hint lomwe limakulozerani chinthu chimodzi, koma ma hint ndi owerengeka kapena amafuna kudikira.

Kuti musatope, amasinthasintha kasakidwe. Pena amakupatsani mthunzi wa chinthu m'malo mwa dzina. Pena chipinda chimakhala mumdima mukusaka ndi kuwala kwa tochi. Pena zithunzi ziwiri zofanana mupeze posiyana, pena mupeze zinthu zambiri momwe mungathere nthawi isanathe.

Kufika ulendo wachisanu kapena wa khumi pamalo omwewo, gemu yasintha. Simukusakanso, mukungokumbukira. Chala chimapita chokha pomwe pali ambulera musanamalize n'kuwerenga komwe. Ena apa ndi pomwe amamva kukoma, chifukwa amathamangitsana ndi anzawo pa mapointi, komanso mutu umapuma ngati ukusankha nyemba. Ena apa ndi pomwe amatopa. Ngati ndinu wa gulu lachiwirili, dziwani kuti kubwerezaku sikutha, ndiye msana wa magemu amenewa.

CHINGEREZI CHAKE

Magemuwa alibe Chichewa, ndiye ambiri timasewera m'Chingerezi. Vuto loyamba ndi mawu a matanthauzo awiri. Akalemba bat, mwina ndi mleme, mwina ndi chibonga chomenyera mpira. Bow itha kukhala uta kapena riboni yomanga. Nail ndi msomali kapena chikhadabo, mouse ndi mbewa kapena ya kompyuta, glasses ndi magalasi a m'maso kapena matambula. Opanga amadziwa zimenezi ndipo amazigwiritsa ntchito.

Vuto lachiwiri ndi Chingerezi cha ku America. Tochi amati flashlight, sipanala amati wrench, mpopi amati faucet. Lachitatu ndi zinthu zomwe sitinakule nazo: monocle, galasi la diso limodzi la azungu akale, hourglass, kabotolo ka mchenga koyezera nthawi, horseshoe, chitsulo chokhomera kuphazi kwa hatchi, kapena acorn, kambewu ka mtengo wa oak.

Ubwino wake ndi womwewo. Ukataya combo chifukwa cha mawu amodzi, mawuwo suwaiwalanso. Amene akufuna kuwonjezera mawu a Chingerezi apezapo phindu lenileni, makamaka mayina a zinthu. Galamala ndi kulemba nkhani, zimenezo musayembekezere.

NKHANI YA ENERGY

Apa ndiye pagona nkhani. Pafupifupi magemu onse aulerewa ali ndi kamzere pamwamba kotchedwa energy. Kulowa pamalo osaka kumadya energy, ndipo ikatha simungasewere mpaka ibwerere yokha pang'onopang'ono.

Mu Criminal Case kamzereka kamadzaza pa 110, ndipo kusewera malo amodzi kumadya 20. Ndiye kuti maulendo asanu basi. Ulendo umodzi, ukawazolowera malowo, sutenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Mphindi khumi mwamaliza, kenako mudikire maola kuti idzazenso. Gemuyi imapereka juwisi, tchipisi ndi baga zobwezeretsa energy, zina mumapata ulere mukakwera levulo kapena kuchokera kwa anzanu, zina n'zogula. Mu June's Journey malo amodzi amadya 15, ndipo pali chotchinga chachiwiri: kuti nkhani ipitirire mumafunika maluwa, maluwa amabwera mukakongoletsa chilumba, zokongoletsera zimafuna makobidi a mugemu komanso nthawi yomangira. Ofuna kudumpha mzere amagwiritsa ntchito madayamondi, omwe ochuluka ake amagulidwa ndi ndalama zenizeni.

Milandu yoyambirira amaipanga yofulumira. Energy imangobwera, ma levulo akukwera, labu ikuyankha mumphindi zochepa. Mukalowerera, nthawi yodikira imatalika ndipo nyenyezi zofunika zimachuluka. Mwatsala ndi umboni umodzi kuti mumange wakupha, energy yatha, pomwepo pa sikirini pabwera phukusi lotchipa lomwe akuti litha pakapita maola ochepa. Sizinangochitika mwangozi. Madola 1 biliyoni aja anachokera pa timphindi ngati timeneti, kwa anthu omwe anatopa kudikira.

Pali zina zokukokerani kuti muzibwerabwera. Mphatso ya tsiku ndi tsiku yomwe imakula mukapanda kudumphitsa. Mipikisano ya masiku ochepa. Mabokosi omwe sudziwa zamkati mpaka utsegule. Makalabu a osewera, monga a mu June's Journey, momwe anzako amadalira mapointi ako, ndiye ukapanda kusewera umamva ngati wawagwiritsa fuwa lamoto. Ndi mauthenga aja obwera pa foni okuuzani kuti energy yadzaza.

Mitengo ya m'magemuwa imachokera ku dola. Phukusi lomwe wosewera wa ku America amaliona ngati ndalama ya kapu ya khofi, mukalisintha kupita ku kwacha ndi ndiwo za masiku angapo. Ndipo zomwe mwagulazo zimatha usiku womwewo.

BANDULO, BATIRE NDI FONI YANU

Ngakhale musagule kanthu, pali zomwe mukulipira. Magemuwa ndi a zithunzi zambiri, ndiye ndi olemera. Kukula komwe kwalembedwa pa Play Store nthawi zambiri ndi poyambira chabe, chifukwa mlandu kapena chaputala chatsopano chimakokedwa pa intaneti mukachifika. Ambiri amafunanso netiweki nthawi yonse yomwe mukusewera.

Chodya bandulo kwambiri ndi mavidiyo otsatsa malonda. Magemu ambiri amakuuzani kuti onerani kavidiyo ka masekondi 30 mupate energy kapena hint. Kamodzi sikanthu, koma makumi awiri patsiku bandulo ya sabata siifika Lachinayi. Lowani mu Settings ya foni, pomwe pamaonetsa data yomwe app iliyonse yadya, muone nokha pakatha masiku atatu.

Sikirini imakhala yoyaka nthawi yonse, kawirikawiri yowala kwambiri kuti muone m'makona amdima, ndiye batire imatsika msanga ndipo foni imatentha. Tsiku lomwe magetsi azima, sankhani pakati pa mlandu wa Grimsborough ndi foni yoti anthu akupezereni. Foni ya RAM yochepa imachedwa kutsegula malo, nthawi zina imadzitsekera pakati pa ulendo energy itadyedwa kale. Pa sikirini yaing'ono tizinthu tina sitioneka, muzikulitsa chithunzi ndi zala ziwiri ngati gemuyo ikulola. Maso nawonso amatopa, makamaka mumdima, ndiye muzipumira.

ZA MA MOD APK

Mukadandaula za energy pagulu la WhatsApp, sipalephera wina wokutumizirani linki ya "unlimited energy". Awa ndi ma app omwe munthu wosadziwika watsegula n'kusintha mkati. Simungadziwe china chomwe waikamo. Foni yomwe mukuikamo fayilo imeneyi ndi yomweyo muli Airtel Money kapena Mpamba, WhatsApp, zithunzi zanu ndi ma SMS a manambala achinsinsi ochokera kubanki. Gemu yosaka makiyi pachithunzi ilibe chifukwa chopemphera kuwerenga ma SMS anu, kuona manambala a anzanu kapena kulamulira sikirini. Ikapempha zimenezo, ichotseni. Komanso makampani amatseka akaunti zomwe azigwira zikubera, ndiye milandu yonse yomwe munamaliza imapita. Chimodzimodzi masamba omwe amalonjeza madayamondi aulere mukalemba nambala ya foni kapena password ya Facebook, amenewo ndi akuba basi.

NANGA ANA?

Zithunzi zake ndi zokongola ngati katuni, koma nkhani zake ndi za kupha. Criminal Case imaonetsa mitembo, magazi ndi zilonda, ndipo milandu ina imakhudza mankhwala ozunguza bongo ndi uhule. Osewera ambiri a magemu ngati June's Journey ndi anthu akuluakulu, makamaka amayi, osati ana. Musanapatse mng'ono wanu foni, onani msinkhu womwe walembedwa pa tsamba la gemuyo. Ngati pa akaunti yanu ya Google pali khadi ya kubanki, tsegulani Play Store, pitani ku zokhudza kugula, muike kuti izifunsa password kapena chala nthawi iliyonse. Zikachitika kuti mwana wagula mwangozi, Google Play imalola kupempha kubwezeredwa ndalama, ndipo mwayi umakhala waukulu mukapempha pasanathe maola 48.

KUSEWERA OSAWONONGA

Musanadine chinthu choyamba, yang'anani chithunzi chonse ndipo pezani zinthu zitatu kapena zinayi ndi maso, kenako muzidine motsatizana kuti combo ikwere. M'magemu ena nthawi imawerengedwa, ndiye njirayi imathandiza kwambiri pamalo omwe mwawazolowera. Sakani mwadongosolo, kuchokera kumanzere kupita kumanja, osati kudumphadumpha. Mukaona chinthu chachilendo chomwe sichili pamndandanda, chisungeni m'mutu, chibwera ulendo wina.

Ntchito zotenga maola ambiri, monga za ku labu kapena zomanga, ziyambitseni musanagone kapena musanapite kuntchito. Zobwezeretsa energy zomwe mwapata ulere musazimwaze, zisungireni tsiku la mpikisano kapena kumapeto kwa mlandu. Mauthenga a gemu azimitseni, muzilowa nthawi yomwe mwasankha inu. Kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kokwanira kuti nkhani iziyenda. Zokoka zikuluzikulu dikirani mpaka mupeze Wi-Fi kapena bandulo ya usiku. Lumikizani gemu ku akaunti yanu kuti foni ikabedwa kapena kuwonongeka musayambirenso pa Rosa Wolf.

Ngati kudikira kumakunyansani ndipo muli ndi njira yolipirira, funani magemu olipira kamodzi. Hidden Folks, ya mu 2017, ndi ya zithunzi zojambula pamanja zakuda ndi zoyera, ilibe energy ngakhale wotchi yokuthamangitsani. Magemu a kampani ya Artifex Mundi ya ku Poland, monga Enigmatis, ali ndi nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo mumayendayenda m'malo osiyanasiyana mukutolera zida zotsegulira zitseko ndi kumasula zinsinsi. Kwa amene akufuna kuganiza mozamirapo, awa ndi omwe ali pafupi ndi ntchito yofufuza.

Aulerewo ali ndi malo awo: pamzere wa kubanki, mu minibasi ikudikira kudzaza, mphindi khumi za nkhomaliro. Energy ikatha, ikani foni m'thumba. Wakuphayo sathawa, mumupeza pomwepo mawa.